Achemwali, Ndaba Dzanja

Chongqing,
Lachinayi, 12 Novembala

Achemwali anga a Guizhi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inuyo, alamu ndi ana onse atatu. Bondo lija linasiya kutupa? Nanga tsabola anauma bwino chaka chino? Kuno bambo a Dundun ali bwino, apongozi ali bwino mpaka kupitirira, Dundun akunenepa. Ine ndiye sindikudziwa ngati ndili bwino, n'chifukwa chake ndikulemba mothamanga chonchi.

Musadabwe kuti sindinaimbe foni. Foni ya m'sitolo ya a Pan mukuidziwa. Ukangonena kuti mutu ukundipweteka, pofika madzulo phiri lonse lamva kuti wamwalira. Nkhani iyi ndi ya inu nokha. Mukawerenga muponye pamoto.

Achemwali, ndaba dzanja.

Khalani pansi kaye. Si la munthu. Koma mwinanso ndi langa. Dikirani ndiyambe poyambira.

Paja mukudziwa kuti bambo a Dundun amaphika kukhitchini ya kuyunivesite. Sabata yatha anabwera ndi pepala, akuti kuli aphunzitsi ena amene amafufuza za ubongo, akufuna amayi a makanda. Akuti akufuna kuona zimene zimachitika m'mutu munthu akamasisitidwa pakhungu. Ndinawafunsa kuti ubongowo akauona bwanji, akatiboola? Amvekere, iwe usachite zachimidzi, palibe kuboola, ndipo pomaliza amapereka thaulo lalikulu. Mlamu wanuyu anangomva za thaulo basi.

Lolemba ndinabereka mwana n'kupita. Amene anatilandira ndi aphunzitsi Shen, mayi wamfupi wamagalasi, wolankhula mothamanga ngati wailesi. Anandiwerengera mapepala awiri athunthu, n'kundifunsa ngati ndamva. Inu mukudziwa mmene tinakulira. Aphunzitsi akafunsa ngati wamva, umati inde. Ine ndinasiya sukulu m'kalasi yachisanu ndikunenabe inde.

Choyamba anamuveka Dundun kachipewa ka mawaya, mutu wake n'kuoneka ngati adyo wophuka mizu. Anandiuza kuti ndimusisite mwendo monga ndimachitira kunyumba. Kenako iwo anamusisita ndi kaburashi kofewa. Pakompyuta timizere tinkavinavina. Mwana anagona kukamwa kuli yasa. Aphunzitsi amvekere, zabwino kwambiri, zabwino kwambiri. Ine mtima unakhala pansi, ndinkangoganiza za thaulo.

Ndiye anati tsopano ndi nthawi ya mayi.

Anandikhazika patebulo. Dzanja langa lamanja analiika kuseri kwa kathabwa kuti ndisalione. Patsogolo panga anaikapo dzanja lina lamphira, la zala zisanu, zikhadabo ndi mizere yomwe, n'kufunditsa nsalu kuchokera paphewa langa mpaka pamkono wake. Anatenga timaburashi tiwiri, kena kusisita langa lobisikalo, kena kusisita lamphiralo, nthawi imodzi, chala chimodzimodzi. Ine ntchito yanga inali kungoyang'ana lamphiralo.

Poyamba ndinkafuna kuseka. Ndinkati mumtima, anthu awa anaphunzira zaka makumi awiri kuti azipaka mphira utoto wosaoneka?

Achemwali, sipanapite nthawi yowiritsira dzira. Kaburashi kaja ndinayamba kukamva pa dzanja lamphiralo. Sindikunena kuganiza ayi, kumva! Kakayenda pa chala chamkombaphala cha mphira, ine ndimve kunyerenyetsa pomwepo, pamphirapo. Langa lenileni linangozimirira ngati silinabadwe. Aphunzitsi anati nditsinzine, ndiloze ndi lamanzere pamene pali dzanja langa. Ndinaloza kufupi ndi mphira. Iwo anakondwa, n'kulemba msangamsanga.

Kenako anatulutsa kahamala pansi pa tebulo, n'kumenya dzanja lamphiralo, phaa!

Ndinakuwa mayo wakumudzi weniweni. Mpando unagwa, ine pansi, Dundun n'kudzuka ndi kulira. Aphunzitsi anapepesa kambirimbiri, akuti za hamala zinali pa pepala lachiwiri ndipo ndinavomera. Anandipatsa madzi otentha ndi thaulo lija. Ndi labwino ndithu, la maluwa achikasu. Koma ndinatuluka muja dzanja langa likulemera ngati la munthu wina.

Kuyambira tsiku limenelo Dundun wandikana.

Mwana amene ndinkangomuika dzanja pamsana iye n'kugona, tsopano ndikamugwira amapindika ngati nsomba m'chiwaya. Kulira kosalekeza, dovu chuchuchu, bere akuyamwa pang'ono n'kulilavula. Ndasisita, ndasisita, mpaka kamsana kufiira. Palibe.

Lachiwiri ndinawauza apongozi zonse. Anaika timitengo todyera pansi n'kundifunsa kuti pamene unkadzidzimuka unkayang'ana chiyani? Ndinati dzanja lamphira. Anafunsanso kuti nthawi imeneyo dzanja lako unkalimva lili kuti? Ndinati pamphira pomwepo. Anamenya tebulo, amvekere, ndiye ukufunsanso chiyani, mtsikana wopanda mutu iwe? Mzimu wa dzanja lako anaukopa ndi burashi, utalowa m'mphira anautsekera ndi hamala. Chimene wabwera nachochi ndi chikopa chabe. Mwana si chitsiru, akudziwa kuti akusisitidwa ndi golovesi.

Ndinalira, achemwali. Ndinayang'ana dzanja langa, ilo n'kumangokhala phee pamwendo ngati mlendo.

Mukukumbuka tsekwe wa kwa a Yang atandithamangitsa ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ine n'kugwera m'munda wa mpunga? Ndinadwala masiku atatu osadya. Inu munatenga malaya anga, munapita pamalo pomwe ndinagwerapo, n'kumabwera mukuitana njira yonse kuti Lanfen, bwera kunyumba, Lanfen, bwera kunyumba. Bambo anaima pakhomo kuyankha kuti wabwera, wabwera. M'mawa mwake ndinadya mbale ziwiri. Apongozi anati n'zomwezo zofunika, ndipo kuitana kumayambira pomwe munthu anadzidzimukira.

Anayamba kale kulongedza zofukiza kuti tipite kuyunivesite. Mlamu wanu anagwada, achemwali, kugwada kwenikweni. Amvekere, amayi, anthu amenewo ndimawagawira mpunga tsiku lililonse, mukakaima pakhonde lawo n'kumaitana dzanja ndidzawayang'ana bwanji? Apongozi anati uzikawayang'ana m'mbale, nkhope zawo ukuzifuniranji?

Ndiye ine ndinaganiza ndekha. Ndinati ngati sitingapite kumene kuli dzanja, dzanjalo libwere kuno.

Dzulo ndinabwererako, ndinanama kuti ndinaiwala sokosi ya mwana. Aphunzitsi Shen anagwada kufunafuna pansi pa matebulo, munthu wabwino, mpaka ndinamva manyazi. Foni yawo italira anatuluka kukayankha. Dzanja linali pashelefu, chikhatho chili m'mwamba ngati likupempha. Ndinalitenga n'kuliponya m'chikwama cha matewera.

M'basi munali modzaza. Ndinaona bambo wina wachikulire akundiyang'ana, akuyang'ana chikwama, akundiyang'ananso. Anaimirira n'kundipatsa mpando mwaulemu kwambiri, ndipo anatsika pamalo otsatira basi isanaime n'komwe. Nditayang'ana pansi ndinapeza zala zinayi zatulukira pazipi.

Kunyumba apongozi analisambitsa ndi madzi ofunda, akuti lazizidwa. Analiveka mkono wa bulauzi yanga yobiriwira, anamanga ulusi wofiira pamkono, n'kuika dzira m'chikhatho. Analikhazika pansi pa chithunzi cha malemu apongozi aamuna. Mlamu wanu atalowa n'kuliona anakhala pansi osavula nsapato. Anangoti, Lanfen, wandiphika.

Dzuwa likulowa apongozi anaima pamasitepe ndi bulauzi ina, n'kuyamba kuitana kuti dzanja la Lanfen, bwera kunyumba! Mwana wawo anayankhira m'kati ndi mawu a udzudzu kuti labwera. Amvekere, kweza mawu, kodi ukuyankha mzimu kapena ukupempha tchuthi? Anakweza. Apongozi anaitana kasanu ndi kawiri. Pa kachisanu ndi chimodzi bambo wa chipinda chapansi anatsegula zenera n'kukuwa kuti ngati labwera litsekereni chitseko, anthu tikudya!

Sizinathandize. Dundun analira mpaka mawu kusasa.

Lero m'mawa apongozi anena kuti vuto ndi magazi. Akuti mzimu wanga suwadziwa mawu awo, ndipo mwina umawaopa, zimene sindinatsutse. Akuti woitana akhale amene anandilera. Amayi anatisiya kale. Ndatsala ndi inu.

Chonde achemwali, ndaika m'envelopu muno kachidutswa ka mkono wa bulauzi. Mukalandira muime pakhomo lakwathu, muyang'ane kumpoto, muitane. Alamu ayankhe. Ndikudziwa kuti ndi kutali, koma mawu anu aja ankafika kutsidya kwa mtsinje. Kuba ndaba, apolisi akabwera ndipita, koma mwana wanga asakule akudziwa kuti mayi ake ali ndi dzanja lopanda munthu m'kati. Ndimamusisita chonchi, iye amandiyang'ana ngati akufunsa kuti amayi anga mwawasiya kuti. Zimenezi ndiye sindingathe

Pepani, pamenepa ndinalekeza chifukwa kunagogoda munthu. Tsopano ndi madzulo, ndipitirize. Musaponye kalatayi pamoto musanafike kumapeto.

Nditatsegula ndinapeza mlamu wanu atavalabe epuloni, nkhope yotuwa ngati tofu wa soya wa dzana. Kumbuyo kwake kunali aphunzitsi Shen, atagwira khoma, akupuma ngati ng'ombe yolima. Paja kuti ufike kwathu kuno ndi masitepe mazana awiri kuchokera pamsewu. Mawu awo oyamba anali akuti madzi. Achiwiri anali akuti lili kuti?

Akuti sanavutike kudziwa wakuba. Dzulo m'chipinda muja munalowa anthu awiri okha, iwo ndi mayi wofuna sokosi amene mwana wake anavala sokosi zonse ziwiri.

Ndinagwada kuti ndipepese, koma iwo anali ataliona kale. Anaima patsogolo pa chithunzi cha malemu, kuyang'ana bulauzi, ulusi, dzira. Anavula magalasi, kupukuta, kuvalanso. Anafunsa mwaulemu kuti dziralo ndi lophika? Apongozi anati laliwisi, lophika lingakoke chiyani?

Ndinawafotokozera zonse ndikulira. Sanaseke, ngakhale milomo inkanjenjemera. Anati cholakwa ndi chawo, anandiwerengera mapepala mothamanga osaona kuti inde wanga ndi wamantha. Kenako anafotokoza kuti ubongo uli m'chigoba mumdima, dzanja suliona, umangomva malipoti. Maso akanena kuti burashi ili apa, khungu n'kunena kuti inde ndikuimva nthawi yomweyo, ubongo umangoti basi, dzanja langa ndi limeneli. Akuti zimachitikira anthu ambiri, ndipo burashi ikasiya, pakapita kanthawi kochepa zimatha.

Apongozi anafwenthera pambali. Amvekere, zimachitikira anthu a mitima ya nkhuku ngati mpongozi wangayu. Ine ndabereka ana anayi, ndapha nkhumba ndekha, dzanja langa ndimalidziwa ngakhale mumdima. Chidole sichingandinamize.

Aphunzitsi anati, amayi, tiyese?

Achemwali, ndikanakonda mukanakhalapo. Anachotsa dzira, n'kuika dzanja patebulo lodyera. Kathabwa kanali thabwa lathu lodulirapo ndiwo, mlamu wanu ataligwirizira. Nsalu inali thaulo la maluwa achikasu lija. Timaburashi tinali miswachi iwiri. Apongozi anakhala tsonga, chibwano m'mwamba, akulankhulabe kuti onani masewera a ana, boma likulipira anthu kuti azitsuka mphira mano.

Analankhula, analankhula, kenako mawu anayamba kuchepa. Kenako zii. Maso ali pamphira. Ndinaona chala chawo chakuphazi chikugwedera.

Aphunzitsi ananena momveka bwino, kawiri, kuti amayi, tsopano ndimenya mphirayu ndi chipande, mwavomera? Apongozi anati menyani, ndi lanu.

Phaa!

Kukuwa kwake bambo wapansi uja anatsegulanso zenera. Apongozi analumpha, anabisa dzanja lawo lenileni m'khwapa, n'kutukwana aphunzitsi a kuyunivesite mawu amene sindingalembe. Kenako anakhala pansi pang'onopang'ono, n'kunena ndi mawu aang'ono kuti, basi, tsopano tili awiri mmenemo.

Ine m'malo moseka mantha anakula. Ndinati ngati chagwira ngakhale apongozi, ndiye ndi champhamvu zedi. Phokosolo linamudzutsanso Dundun, kulira kunayambiranso. Ndinamunyamula n'kukhala naye patebulo pomwepo, ndikumusisita msana, iye akupindika.

Ndiye anaona dzanja lamphira. Anatambasula timanja, analikoka, n'kulowetsa chala chachikulu cha mphira m'kamwa. Anayamba kutafuna. Kulira kunatheratu.

Achemwali, mtima wanga unasweka. Ndinalira mokweza kuti mwaona? Mwaona? Akudziwa kumene kuli mayi ake! Apongozi nawo amvekere, kapena akufuna agogo ake, paja tilimo awiri.

Aphunzitsi Shen anawerama n'kumuyang'anitsitsa mwana, masaya ofiira aja, dovu lija. Anafunsa kuti ali ndi miyezi ingati. Ndinati isanu ndi iwiri. Anandifunsa kuti pamene akutafunapo ndikumva chilichonse? Ndinamvetsera bwinobwino. Ndinati ayi. Anati kasambe m'manja. Nditasamba anachotsa mphira m'kamwa mwa mwana, amvekere lowetsa chala chako, cha dzanja lomwe ukuti mulibe munthulo, upapase nkhama zam'munsi.

Ndinalowetsa. Ndinamva kutentha, kunyowa, ndi kanthu kakuthwa ngati kambewu ka mpunga kosapuntha. Ndisananene kanthu, Dundun anatseka kamwa ndi mphamvu zake zonse.

Ndinakuwa. Aphunzitsi anafunsa kuti zapweteka kuti, patebulo kapena pa iwe?

Pa ine, achemwali. Pa chala changa, cha dzanja langa, chomwe chili ndi chipsera cha chikwakwa chija. Ululu wake unakwera mpaka m'chigongono. Sindinamvepo ululu wokoma chonchi. Mwana akumera dzino! Masiku atatu onsewa ankalira dzino, ife tili kalikiliki kuitana mizimu pamasitepe.

Ndinawafunsa apongozi kuti inu munabereka ana anayi, za mano simunaganizeko? Anati ana awo ankamera mano mwaulemu, osasokosa.

Aphunzitsi anandiuzanso china. Akuti aona mmene ndimamusisitira leroli, ngati ndikuchotsa mwaye pa poto. Lolemba sizinali choncho. Akuti tsiku lija dzanja langa linkayenda pang'onopang'ono, ndipo pakhungu pali timitsempha tina timene timakonda kuyenda koteroko kwa dzanja lofunda. Pa makina awo kugunda kwa mtima wa Dundun kunatsika bwino ndi dzanja langa kuposa ndi burashi yawo yodula ija. Mantha ndi amene anandithamangitsa dzanja. Anati ndipume kaye, ndiyesenso ngati kuti palibe akundiona.

Ndinamupatsa kansalu konyowa kozizira kuti azitafuna. Ndinamugoneka pachifuwa, dzanja pamsana, kuchokera pakhosi kutsika, pang'onopang'ono, mmene munkandichitira inu ndikadwala. Kachitatu anausa moyo. Kachisanu kamutu kanalemera. Mwana anagona. Mlamu wanu anali atagwirabe thabwa lodulirapo ndiwo, palibe anamuuza kuti alisiye.

Za apolisi palibe. Aphunzitsi anakana ngakhale kumva. Anadya nafe mpunga ndi dzira lomwe lija, apongozi atalikazinga ndi tomato, akuti lisapite pachabe. Dzanja abwerera nalo, lili ndi kachizindikiro ka dzino pa chala chachikulu. Ulusi wofiira anati ausiya pomwepo. Anatinso kuyambira tsopano aziyamba aonetsa anthu hamala asanawawerengere mapepala. Mlamu wanu anawanyamulira chikwama mpaka pamsewu, ndipo akuti anamufunsa ngati amayi ake angavomere kubwera kuyunivesite, chifukwa sanaonepo munthu wogwidwa msanga chonchi.

Tsono pempho langa lasintha pang'ono, koma lilipobe. Kachidutswa ka bulauzi ndakasiya m'envelopu, ndipo mupezamonso kena kakuda. Kameneko ndi ka apongozi. Chichokereni aphunzitsi, apongozi akhala pakona dzanja lili m'khwapa, akuliyang'ana, akulinunkhiza. Ndawauza kuti alowetse chala m'kamwa mwa Dundun aone, akana, akuti iwo si opusa. Posachedwapa anabwera pamene ndikulemberapa, anaponya kansaluko patebulo osandiyang'ana, amvekere, mkulu wako uja ali ndi mawu aakulu, ngati akuitana lako aitanenso langa, ine ondiitana anatha kalekale.

Ndiye chonde muitane, achemwali. Langa musavutike nalo, lili pano, likupweteka bwinobwino. Muitane la mayi wokalambayu. Dzina lawo ndi Deng Suhua. Ine ndidzaima pakhomo kuno Lamlungu lachiwiri kuchokera lero, dzuwa likamalowa, ndidzayankha kuti labwera. Bambo wapansi uja alankhule zimene alankhule.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana, ndi kwa azakhali a kumtunda. Mukapita kumanda a amayi muwauze kuti mdzukulu wawo ali ndi dzino limodzi ndipo akudziwa kuligwiritsa ntchito. Kumwamba kukusungeni, bondo lipole, nkhumba zinenepe. A Pan asamve.

Mukaona malembo apendekeka, ndi chala cholumidwa chija.

Ine mng'ono wanu,
Lanfen